Mtsuko wa agogo ndi diso langa lamanzere

Kachibenthu

Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, kuzizira kuja kwa ku Lilongwe kolowa mpaka m'mafupa. Makala anali atatha, ndiye ndinatenga nkhwangwa kuti ndiwaze chipika cha bulugamu chomwe chinakhalitsa kuseri kwa nyumba. Nditatema kachitatu, kachibenthu kanadumpha n'kundilasa m'diso lamanzere.

Za kuchipatala sindichulukitsa. Anandisoka kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso, n'kundiphimba ndi kachivindikiro ka pulasitiki. Adokotala anati, "Bambo, diso tapulumutsa, koma musayembekezere kuona nalo msanga. Tidzadziwa bwino ulusi ukachoka." Ndinatha milungu 6 ndikudalira diso lakumanja lokha.

Pobwerera kunyumba mtima unali m'malo. Msewu ndinkauona, anthu ndinkawazindikira, mauthenga a pafoni ndinkawerenga bwinobwino. Ndinawauza mayi a kunyumba kuti asade nkhawa, diso limodzi likukwanira. Ndinkakhulupiriradi zimenezo, mpaka tsiku lachitatu.

Ngwe

Mayi a kunyumba anali atapita kumsika, ana ali kusukulu. Ndinawiritsa tiyi ndekha. Kapu inali patebulo, ndikuiona bwino lomwe: yoyera, ya maluwa abuluu, yobenthuka pang'ono pamlomo. Ndinapendeketsa ketulo monga ndachitira moyo wanga wonse. Tiyi anatsikira patebulo, chakuno kwa kapu, motalikirana nayo ngati zala zitatu. Anayenderera mpaka kuyamba kudonthera pasimenti.

Ndinangoti kakasi. Dzanja silinanjenjemere, mutu sunali kuzungulira, kapu sinasunthe. Diso linandiuza kuti mlomo wa ketulo uli pamwamba pa kapu, koma sunali pamenepo.

Ndinapukuta, n'kuyesanso. Ulendo uno, ndisanaganize n'komwe, dzanja linatsitsa ketulo pang'onopang'ono mpaka mlomo wake unagunda mlomo wa kapu. Ngwe. Kenako ndinathira, osataya dontho.

Kaphokoso kameneko ndinkakadziwa. Ndinakhala pampando tiyi akuzizira, chifukwa ndinali nditabwerera pakhonde la agogo kumudzi kwathu ku Dedza.

Agogo, mayi awo a amayi anga, anali ndi diso lakumanja loyera mbee. Ng'ala inalikuta ine ndisanabadwe. M'mawa uliwonse ankatindandalitsa ife adzukulu pamphasa, aliyense ndi kapu yake yachitsulo, iwo n'kumayenda ndi ketulo wawo wakuda ndi mwaye. Pa kapu iliyonse: ngwe, kenako kuthira. Ngwe, kenako kuthira. Ife tinkati ndi ukalamba. Tsiku lina amalume anawadandaulira kuti, "Amayi, mutha makapu ndi kugogoda kwanuko." Agogo anangoyankha kuti, "Ndimayamba ndaifunsa ngati ilipo."

Tonse tinaseka tsiku limenelo. Agogo anatisiya zaka zoposa khumi zapitazo, ndipo mpaka m'mawa wa tiyi wotayikayo sindinkadziwa kuti ankanena zenizeni. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Chomwe chinandipweteka n'chakuti mnzangayo anali munthu amene anandilera, ndipo palibe tsiku limene ndinawafunsapo kuti dziko limawaonekera bwanji.

Maso awiri, zithunzi ziwiri

Popeza kuntchito anandipatsa tchuthi, nthawi inali yambiri, ndipo funso linandikakamira: ngati diso limodzi likuona zonse, chasowa n'chiyani? Ndinayamba kuwerenga, pang'onopang'ono kuti diso lisatope.

Yesani izi pomwe mulipo. Tambasulani dzanja, muimike chala, muyang'ane chitseko kapena mtengo uli patsogolo panu. Tsinzinani diso lamanzere, kenako lakumanja, mosinthanasinthana. Chala chikudumpha uku ndi uku, pomwe mtengo ukungosuntha pang'ono. Bweretsani chala pafupi ndi mphuno, mudzaona kuti kudumphako kwakula.

Maso a munthu wamkulu amatalikirana masentimita 6 kapena kupitirira pang'ono. Choncho diso lililonse limaona dziko lili pamalo akeake, ndipo zithunzi ziwiri zomwe zimagwera pa kansalu ka mkati mwa diso, komwe madokotala amati retina, sizifanana ndendende. Mitsempha yochoka m'maso onse imakafika kumbuyo kwa mutu, chakunkhongo, komwe kuli mbali ya ubongo yoona. Kumeneko kuli timaselo tomwe timalandira uthenga wa maso onse awiri n'kumayeza kusiyana kwake. Chinthu chikakhala pafupi kuposa chomwe mukuyang'ana, kusiyanako kumapendekera mbali ina. Chikakhala patali, mbali inayo. Inu simuona zithunzi ziwiri. Mumangomva kuti ichi chili kuno, icho chili uko, ndipo pakati pake pali mpata.

Mpata umenewo ndi umene unandisowa. Zinthu zonse zinalipo, koma mpweya wa pakati pa zinthu unali utachoka.

Munthu woyamba kusonyeza zimenezi momveka anali Charles Wheatstone wa ku England, mu 1838. Anajambula zithunzi ziwiri za mizere chabe, zosiyana pang'ono monga mmene diso lililonse likanaonera, n'kukonza kachipangizo ka magalasi awiri oonera nkhope kuti diso lililonse lione chithunzi chake chokha. Woyang'anamo ankaona chinthu chimodzi chitatumphuka, ngati angachigwire, chonsecho mapepala onse awiri ndi athyathyathya. Kanema wa 3D, amene anthu amaonera atavala magalasi apadera, maziko ake ndi omwewa.

Ndinamvetsanso chifukwa chake pobwerera kuchipatala sindinaone vuto. Kusiyana kwa zithunzi ziwirizi kumachepa msanga chinthu chikamatalikira. Mtunda ukawirikiza kawiri, kusiyanako kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Phiri la Bunda limaoneka chimodzimodzi ndi diso limodzi kapena awiri. Ntchito yaikulu ya maso awiri ili pano pafupi, pamene manja amafika: pothira tiyi, popatsana chenji ndi kondakitala, potsika masitepe, potola kamwala mu mpunga.

Mtsuko

Pabalaza pathu, pakona, pali mtsuko womwe agogo anaumba. Amayi anandipatsa pa ukwati wathu. Sitisungiramo madzi, timaopa kuti ungasweke. Ndi wofiirira, wa mawanga akuda a moto, mimba yake yobulungira ngati dzungu lokhwima bwino, khosi lalifupi lokhala ndi timizere tomwe agogo ankalemba ndi kamtengo.

M'milungu imeneyo mtsukowo unandisautsa kuposa china chilichonse. Ndinkadziwa kuti ndi wobulungira, koma sindinkauona kubulungira. Unkaoneka ngati chithunzi cha mtsuko chomwe wina wadula ndi sizasi n'kumata pakhoma. Chakumunsi kwa khosi ndinaona kabanga kakuda kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Ndinkati ndi mwaye.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti maso awiri samangotiuza mtunda. Amatiuzanso kaumbidwe ka chinthu. Ukaima patsogolo pa mtsuko, pakati pa mimba yake ndiye pali pafupi nawe kwambiri. Kuchoka pamenepo kupita m'mbali, dothi limayamba kukuthawa, poyamba pang'onopang'ono, kenako mofulumira likamakhotera kuseri. Kadontho kalikonse ka pamtsukopo kali ndi kusiyana kwakekwake pakati pa diso lamanzere ndi lakumanja, ndipo ubongo umawerenga mmene kusiyanako kukusinthira kuchoka pa kadontho aka kufika pa ako. Kukakhala kosasintha, ndiye kuti chinthucho n'chathyathyathya ndipo chakuyang'ana, ngati khoma. Kukamasintha mofanana kulowera mbali imodzi, chinthucho n'chopendekeka, ngati denga la malata. Kukamasintha mochedwa apa, mofulumira apo, ndiye kuti chapindika: chatumphuka ngati mzere wa mbatata kapena chalowa ngati mtondo. Komanso diso lamanzere limasuzumira pang'ono kuseri kwa mbali yamanzere, kumene lakumanja silifika, lakumanja nalo chimodzimodzi mbali yake. Maso awiri amachita ngati akuukumbatira mtsukowo.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi zimene anachita Béla Julesz, katswiri wochokera ku Hungary yemwe ankagwira ntchito ku Bell Labs, malo ofufuzirako za sayansi ku America. Mu 1960 anagwiritsa ntchito kompyuta kupanga zithunzi ziwiri za timadontho takuda ndi toyera tomwazika chisawawa, ngati chitowe chotayikira pa lichero. Zithunzizo zinali zofanana, kupatula kuti pa chimodzi kachigawo ka pakati anakasuntha pang'ono chammbali. Ukayang'ana chithunzi chimodzi, palibe chomwe ungaone, timadontho basi. Koma diso lililonse likapatsidwa chake, kachigawo ka ngodya zinayi kamatumphuka n'kuyandama pamwamba pa timadontho tinato. Palibe mzere, palibe mthunzi, palibe chinthu choti uchizindikire. Kaumbidweko sikali m'diso lamanzere, sikali m'diso lakumanja. Kamabadwa pamene awiriwo akumana.

Ndinawerenga zimenezo kawiri, kenako ndinayang'ana mtsuko uja. Ndiye kuti kubulungira komwe ndinkakusowa agogo anakhala osakuona zaka zonse zomwe ndinawadziwa. Nanga ankaumba bwanji mitsuko yosapendama, yomwe amayi a m'midzi yoyandikana ankabwera kudzasinthanitsa ndi chimanga?

Mmene agogo ankaumbira

Ndikatseka maso ndimawaona. Sankaumbira m'nyumba, kapena masana dzuwa lili paliwombo. Ankakhala m'mphepete mwa khonde m'mawa kapena chakumadzulo, kuwala kukubwera chammbali. Dongo lili pa phale, madzi m'chikho, chitsononkho ndi kamwala kosalala zili pambali. Ndipo mutu wawo sunkakhazikika. Ankaweramira kumanzere, kumanja, kubwerera m'mbuyo, kusuzumira pamwamba, kenako n'kutembenuza phale pang'ono. Ife tinkaganiza kuti akuimba nyimbo chamumtima.

Tsiku lina madzulo ndinaima patsogolo pa mtsuko uja n'kuchita zomwezo. Ndinapendekera kumanzere, kenako kumanja, pang'onopang'ono. Mimba ya mtsuko inafufuma. Ndikaima, inkaphwa n'kubwerera kukhala chithunzi. Ndikayambanso kugwedezeka, inkafufumanso.

Chifukwa chake n'chosavuta. Ukasuntha mutu, zapafupi zimasuntha kwambiri kuposa zapatali, monga zimachitikira uli m'minibasi pamsewu wa M1: ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amadutsa ngati mphezi, pomwe phiri la Dedza limangoyenda nawe. Diso limodzi likasuntha limaona chinthu kuchokera malo awiri, kungoti osati nthawi imodzi. Agogo ankabwereka diso lachiwiri kwa khosi lawo.

Kuwala kwa chammbali nako kunali ndi ntchito. Mthunzi ukamayenda pang'onopang'ono kuchoka powala kupita pakuda, ubongo umati apa papindika. Ubongo umazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, n'chifukwa chake chithunzi cha mapazi opondedwa pamchenga ukachizondotsa, maenjewo amatha kuoneka ngati timilu. Mthunzi umathandiza, koma umanamanso. Palinso zina zomwe diso limodzi limadalira: chinthu chophimba chinzake chili patsogolo, timizere ta pakhosi la mtsuko timathithikana tikamakhotera kuseri, munthu wooneka wamng'ono ali patali. Ojambula zithunzi amadalira zimenezi, n'chifukwa chake chithunzi cha pafoni sichitisokoneza.

Koma chachikulu kwa agogo chinali manja. Dzanja limodzi mkati mwa mtsuko, lina kunja, akukwera nawo limodzi kuchokera pansi mpaka pakhosi. Palibe dzanja limene palokha likanadziwa kuchindikala kwa dothi. Ankakudziwa poyerekeza pamene pali dzanja ili ndi pamene pali linalo. Ndikaganiza bwino, ndi nzeru yomweyo ya maso awiri, anangoisamutsira m'zala.

Mwa zonse zomwe ndinawerenga, kanthu kena kanandisangalatsa ndipo sindingakasiye. Mu 2016 akatswiri a pa yunivesite ya Newcastle ku England anamata timagalasi ting'onoting'ono ta mitundu iwiri pamaso pa chiswamphika pogwiritsa ntchito phula la njuchi, n'kumachionetsa kanema wa kachilombo koyenda. Kanemayo akamuika mwakuti kachilomboko kaoneke ngati kali pafupi, chiswamphika chinkatambasula miyendo kuti chigwire. Kanthu komwe timakapeza pachitseko madzulo, ka mutu waung'ono zedi, nakonso kamayeza mtunda ndi maso awiri.

Mwana wa achemwali

Pa ulendo wina wokaonetsa diso ndinawafunsa adokotala ngati ubongo wanga sudzaiwala kugwiritsa ntchito diso lamanzere. Anati, "Pa msinkhu wanuwu ayi, bambo. Mukanakhala mwana wa chaka chimodzi, bwenzi tikuda nkhawa."

Mawu amenewo ali ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1960, David Hubel ndi Torsten Wiesel a pa yunivesite ya Harvard ku America anatseka diso limodzi la tiana ta mphaka m'miyezi yoyambirira ya moyo. Atalitsegula, disolo linali labwinobwino, koma timaselo tambiri ta mu ubongo tinali titasiya kulimvera, tonse titatengedwa ndi diso linalo. Kwa mphaka wamkulu zimenezi sizinachitike. Ntchito yawo yofufuza mmene ubongo umaonera inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1981. Mwana wa munthu nayenso sabadwa akudziwa kuphatikiza maso awiri. Luso limeneli limayamba kuoneka ali ndi miyezi 3 mpaka 5, ndipo limakhwima m'zaka zoyambirira, ngati maso onse akuona bwino ndi kuloza pamodzi.

Ndili pamzere wa mankhwala ndinakumbukira mwana wa mlongo wanga, wa zaka ziwiri, yemwe diso lake limodzi limalowera chakumphuno, makamaka akatopa. Pabanja tonse tinkati zidzawongoka akamakula. Ena ankati n'zakumtundu, palibe chochita. Inenso ndinanenapo zomwezo. Koma diso likamaloza kwina, ubongo wa mwana umalandira zithunzi ziwiri zosagwirizana, ndipo pothawa kuona zinthu ziwiriziwiri umayamba kunyalanyaza diso limodzi. Mwanayo salira, sadandaula, amasewera ngati anzake. Sadziwa kuti pali chomwe chikumudutsa.

Madzulo omwewo ndinaimba foni. "Achemwali, mwanayu tisadikire kuti akule. Mupite naye akamuone maso mwezi uno, thiransipoti nditumiza." Anayamba akana, amvekere mwana ali bwinobwino, amadya, amathamanga. Ndinawafotokozera za tiyi uja, ndi za agogo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ngwe uja?" Nawonso ankamukumbukira. Mwanayo pano amavala magalasi, ndipo kwa maola angapo patsiku amamuphimba diso lamphamvu kuti lofookalo ligwire ntchito. Amalimbana nacho chophimbacho, koma mayi ake sagonja.

Sikuti wamkulu alibiretu mwayi. Susan Barry, yemwe anali mphunzitsi wa sayansi ya ubongo pa Mount Holyoke College ku America, anali ndi maso osaloza pamodzi kuyambira ali khanda. Anamuchita maopaleshoni ali mwana, maso n'kuoneka owongoka, koma ubongo wake sunkawaphatikiza. Ali ndi zaka 48, atachita masewera apadera ophunzitsa maso kugwirira ntchito limodzi, tsiku lina analowa m'galimoto n'kuona chiwongolero chitatumphuka, chili pachokha, mpata ukuoneka kumbuyo kwake. Iyeyu ankaphunzitsa ophunzira za nkhani yomweyi kwa zaka zambiri, koma kuidziwa m'mutu sikunamukonzekeretse kuiona. Nkhani yake imandilimbitsa mtima, komabe sindingafune kuti mwana wa achemwali adikire zaka 48.

Ulusi utachoka

Diso silinabwerere tsiku limodzi. Atachotsa ulusi ndinkaona ngati ndikuyang'anira m'botolo la madzi a sopo. Masiku ena zinkandivuta kuposa pamene linali lophimbidwa, chifukwa chithunzi chakuthwa cha kumanja ndi chachimbuuzi cha kumanzere zinkakanganirana, mutu n'kumawawa. Pambuyo pake anandiyeza n'kundilembera magalasi, popeza chipsera chinasintha pang'ono kupindika kwa kakhungu kaja.

Ndinakawatenga Lachisanu masana. Nditawavala m'sitolo sindinaone zachilendo kwenikweni, kupatula kuti zilembo za pakhoma zinayera. Ndinakwera minibasi, n'kutsika pasiteji yathu, n'kuyenda wapansi. Nditalowa pageti ndinaima. Mtengo wa mango wa pabwalo pathu, womwe kwa milungu yonseyo unali chibuluma chimodzi chobiriwira, unali utatseguka. Tsamba lililonse linali pamalo pake, ili kutsogolo, ilo kumbuyo, lina mkati mwenimweni pafupi ndi thunthu, ndipo pakati pa masambawo panali malo oti mbalame n'kudutsa. Ndakhala pansi pa mtengo umenewo zaka zambiri, koma sindinauonepo chotero.

Mwana wanga wamkazi anatuluka. "Adadi, mwaima bwanji pamenepo? Magalasiwo akukupwetekani?" Ndinamuuza kuti ayi, ndikungoona mango.

Ndinalowa m'nyumba molunjika pakona paja. Dzuwa la madzulo linkalowera pazenera. Mtsuko unali utabwerera. Mimba yake inatulukira kudza kwa ine, yodzaza, yolemera, mbali zake zikukhotera kuseri mofanana uku ndi uku, popanda ine kugwedeza mutu. Ndinagwada kuti ndiuone pafupi.

Kabanga kakuda kaja, chakumunsi kwa khosi, sikanali mwaye. Kanali kadzenje kosaya, kosalala, kolowa m'dothi pang'ono chabe. Mdima womwe ndinkauona unali mthunzi wa m'kadzenjemo. Ndinatsinzina diso lamanzere, kanasanduka banga. Nditalitsegula, kanalowanso mkati.

Ndinaikamo chala changa chachikulu. Chinakwana, kungoti changa n'chonenepa pang'ono. Kuseri kwa khosi, mbali ya mkati, zala zinapeza timaenje tina tiwiri tosaoneka ndi kunja. Apa m'pamene agogo anagwira pounyamula mtsukowo kuchoka pa phale, dothi lisanaume.